Umembala Woupeza ndi Mapazi: Kalabu ya Oyenda M'thengo ku Sydney Ikuyandikira Zaka 100

Loweruka m'mamawa, sitima yochoka pa siteshoni ya Central mumzinda wa Sydney ku Australia kupita ku Katoomba imanyamula anthu amene sachedwa kudziwika. Kumsana abereka zikwama zazikulu, kumutu zipewa zotambalala, kumapazi nsapato zoperepeseka ndi miyala. Ena ndi achinyamata ongotuluka kumene ku yunivesite, ena ndi agogo a imvi mbuu. Sitimayo imayenda maola awiri, ndipo anthuwa akatsika amausiya msewu n'kutsetserekera m'zigwa za mapiri a Blue Mountains. Ambiri amakatulukako Lamulungu madzulo, miyendo ili zikande zokhazokha, zovala zikununkha utsi.

Sakupita kosaka nyama, kotola nkhuni kapena kochezera abale. Akungoyenda basi, ndipo ku Australia kuyenda kotereku kuli ndi makalabu ake, malamulo ake ndi mbiri yake. Imodzi mwa makalabu odziwika kwambiri ndi Sydney Bush Walkers, yomwe inakhazikitsidwa pa 21 Okutobala 1927. Mu 2027 idzakwanitsa zaka 100. Munthu akafuna kulowa kalabu imeneyi, kulipira ndalama pakokha sikukwanira. Amayenera ayambe wayenda, anzake amuone mayendedwe ake, kenako dzina lake lilembedwe m'kaundula wa mamembala enieni.

Kalata ya m'nyuzipepala

Kalabuyi isanabadwe, ku Sydney kunali kale gulu lina lotchedwa Mountain Trails Club, lomwe Myles Dunphy ndi anzake awiri anayambitsa mu 1914. Linali la amuna okhaokha, ndipo munthu ankalowamo pokhapokha ataitanidwa. Anyamatawa ankatha masabata ali m'mapiri, akujambula mapu ndi manja ndi kutcha maina mapiri ndi mitsinje imene mapu a boma ankangoisiya yopanda dzina. Phiri la Cloudmaker ndi mapiri a Wild Dog ndi ena mwa malo amene maina ake anachokera kwa Dunphy. Dzikolo silinali lopanda eni: anthu a mitundu ya Gundungurra ndi Dharug anakhala ndi kuyenda m'zigwa zimenezi kwa zaka zikwizikwi azungu asanafike, ndipo njira zina zomwe oyenda m'thengo amatsata lero zinapondedwa ndi iwowo.

Mu 1927, bambo wina dzina lake Jack Debert analemba kalata m'nyuzipepala ya The Sun yopempha kuti pakhale kalabu imene aliyense wokonda kuyenda angalowemo. Anthu anayankha, amayi ali momwemo. A Mountain Trails Club anaona kuti gulu lawo silingalandire anthu onsewo, choncho anathandiza kukhazikitsa kalabu yatsopano ya amuna ndi akazi omwe. Poyamba inkatchedwa Waratah Walking Club, koma pasanathe nthawi anaisintha dzina kukhala Sydney Bush Walkers.

Chikoka cha kuyenda chinakula msanga. Mu 1932, chuma cha dziko chili pansi ndipo anthu ambiri alibe ntchito, kunkakonzedwa maulendo a Lamulungu amene anthu ankakwera sitima osadziwa komwe akupita, n'kukatsitsidwa kumidzi kuti ayende pansi. Ankapita anthu zikwizikwi tsiku limodzi. Mamembala a makalabu sanasangalale ndi chipwirikiti chimenechi, chifukwa khamulo linkasiya zinyalala, kuthyola maluwa ndi kupondaponda paliponse. Chaka chomwecho makalabu a m'chigawo cha New South Wales anapanga bungwe lawo lalikulu, lomwe lero limatchedwa Bushwalking NSW, kuti azilankhula ndi mawu amodzi pa nkhani ya kasamalidwe ka thengo.

Njira yolowera

Wofuna kulowa Sydney Bush Walkers amayamba ngati membala woyembekezera. Amalembetsa, amalipira, amamva za kayendetsedwe ka kalabu, kenako amapatsidwa ndandanda ya maulendo a miyezi ikubwerayo. Ulendo uliwonse umakhala ndi mtsogoleri wake, malo ake, kutalika kwake ndi chizindikiro chosonyeza kuvuta kwake. Mlendoyo sangangotulukira pamalo okumanira. Amayamba walankhula ndi mtsogoleri, yemwe amamufunsa komwe anayendako posachedwa, mtunda umene anakwera ndiponso ngati ali ndi matenda amene gulu liyenera kuwadziwa. Mtsogoleri ali ndi ufulu wokana munthu ngati akuona kuti ulendowo umuposa mphamvu, n'kumuuza kuti ayambe ndi wina wopepukirapo.

Kuti akhale membala weniweni, woyembekezerayo amayenera kumaliza maulendo oyesera, ena a tsiku limodzi ndi wina wogona kuthengo atasenza yekha tenti, chakudya ndi zofunda. Amaphunziranso kuwerenga mapu ndi kugwiritsa ntchito kampasi, kupereka chithandizo choyamba kwa wovulala, ndi nzeru za kakhalidwe ka kuthengo: potunga madzi, pomanga tenti, poyatsa moto ndi kazimitsidwe kake, ngakhalenso kodzithandizira kutali ndi mtsinje. Atsogoleri amene anayenda naye ndiwo amachitira umboni kuti wakwanitsa. Chizindikiro cha kalabuyi ndi duwa loyera la kuthengo lotchedwa flannel flower, ndipo baji yake ndi ya okhawo amene adutsa njira yonseyi.

Makalabu ena sakhwimitsa chonchi. Ambiri amalola mlendo kuyenda nawo kawiri kapena katatu asanaganize zolowa, ndipo akalowa amalipira kandalama ka pachaka komwe mbali yake imapita ku inshulansi. Njira za m'mapaki ambiri a boma zinaikidwa m'magawo asanu, kuyambira gawo 1, lomwe ngakhale wa panjinga ya olumala angadutse, mpaka gawo 5, lomwe ndi la odziwa okhaokha ndipo nthawi zambiri zikwangwani kulibe. Mlendo wanzeru amayambira pansi.

Atsogoleri onsewa salandira malipiro. Pakati pa sabata ndi aphunzitsi, anamwino, akalaliki, mainjiniya kapena opuma pantchito. Kukakhala kosafika sitima, gulu limakwerana m'magalimoto a mamembala n'kusonkherana za mafuta.

Chifukwa chake amakhwimitsa

Mapiri a Blue Mountains amanyenga. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, pali matauni, mahotela ndi misewu ya tala. Koma m'mphepete mwake muli maphompho a miyala yofiirira otsika mamita mazanamazana, ndipo pansi pake pali zigwa za tchire lothithikana momwe munthu angayende tsiku lonse n'kungopita makilomita ochepa. Zitunda zake zimafanana, moti wolakwitsa kamodzi pokhota amakathera m'chigwa china. Foni ya m'manja m'zigwa zambiri sigwira. M'chilimwe kumatentha kufika madigiri 40, pomwe m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana usiku.

Mu 1936 anyamata ena anasochera m'chigwa cha Grose, ndipo oyenda m'thengo anadzipereka kukathandiza apolisi kuwafunafuna. Zimenezi zinabala gulu la anthu ongodzipereka lofufuza ndi kupulumutsa osochera, lomwe likugwirabe ntchito mpaka pano pansi pa dzina lakuti Bush Search and Rescue. Anthu amene anakhalapo pa ntchito yosaka munthu m'tchire masiku angapo ndi omwewo amene amaumirira kuti mlendo aliyense adziwe mapu.

Kulinso njoka. Australia ili ndi njoka zina zaululu woopsa kwambiri padziko lonse, monga eastern brown ndi tiger snake. Woyenda m'thengo amaphunzitsidwa kuti wolumidwa asamuyendetse, bala asalicheke, asaliyamwe ndipo asalitsuke. M'malo mwake amakulunga mwendo kapena mkono wonse ndi bandeji yotanuka molimba, kuumangirira ku kamtengo kuti usagwedezeke, n'kuitanitsa thandizo. N'chifukwa chake m'chikwama chilichonse mumakhala bandeji yotereyi. Magulu ambiri amanyamulanso kachipangizo kotchedwa PLB, komwe kakatsegulidwa kamatumiza uthenga kudzera pa setilaiti kusonyeza pomwe ovutikawo ali. Misundu ndi nkhupakupa ndiye za tsiku ndi tsiku, ndipo mlendo amazizolowera pa ulendo woyamba womwe.

Pa ulendo gulu limayenda mwadongosolo. Mtsogoleri amakhala kutsogolo, munthu wina wodziwa amatsekera kumbuyo, ndipo pamphambano iliyonse akutsogolo amadikira mpaka womaliza afike. Anthu amawerengedwa ponyamuka, popuma ndi pofika. Dzuwa likapendeka amamanga matenti pafupi ndi madzi, n'kuteleka tiyi m'kachitini ka waya kotchedwa billy. Zinyalala zonse, ngakhale makoko a lalanje, zimabwerera m'chikwama.

Nkhalango yogulidwa ndi mapaundi 130

Nkhani imene mlendo aliyense amaimva msanga ndi ya Blue Gum Forest. Iyi ndi nkhalango ya mitengo ya bulugamu yomwe ili pansi pa chigwa cha Grose, pomwe mtsinje wa Grose umakumana ndi wa Govetts Creek. Bulugamu amene anadzalidwa ponseponse ku Malawi ndi ku Zambia kwawo kwenikweni ndi ku Australia, komwe kuli mitundu yake mazanamazana. Wa m'chigwa chimenechi ndi mtundu wa Eucalyptus deanei, wa thunthu losalala, loyera motuwira, lowongoka ndi lotalika kupitirira mamita 40.

Pa nyengo ya Pasaka mu 1931, gulu la oyenda m'thengo lotsogozedwa ndi Alan Rigby linakumana m'nkhalangomo ndi mlimi wina, Clarrie Hungerford, yemwe anali atabwereka malowo ku boma. Cholinga chake chinali kusenda makungwa mozungulira mathunthu kuti mitengo iume, apeze podyetsera ng'ombe ndi podzala mitengo ya mtedza wa walnut. Lamulo linali kumbali yake. Oyendawo atabwerera ku Sydney anakaitula nkhaniyi ku makalabu awo, ndipo panapangidwa komiti yoti ikambirane naye. Anagwirizana kuti amupatse mapaundi 130 kuti asiye malowo.

Inali ndalama yambiri pa nthawi imene mamembala ena analibe ntchito. Anasonkha zimene akanatha, koma sizinakwane, mpaka W. J. Cleary, mkulu wina wa za njanji yemwenso ankakonda kuyenda, anawabwereketsa mapaundi 80 opanda chiwongoladzanja. Ngongoleyo anaibweza pang'onopang'ono ndi zopereka komanso madansi opezera ndalama. Malowo sanawasunge kukhala awo. Anawabwezera ku boma, ndipo pa 2 Seputembala 1932 mahekitala 16 a nkhalangoyo analengezedwa kukhala malo otetezedwa a anthu onse.

Lero wofuna kuiona amatsika mamita pafupifupi 600 kuchokera pa Perrys Lookdown, pafupi ndi tauni ya Blackheath, podziwa kuti pobwerera akwera mtunda womwewo. Kugona m'nkhalango mwenimwenimo n'koletsedwa tsopano, chifukwa mapazi ndi moto wa alendo zinkaononga mbande. Matenti amamangidwa chapafupi, pa Acacia Flat.

Kupulumutsa nkhalangoyi kunawalimbitsa mtima oyenda m'thengo. Dunphy anakonza mapu a paki yaikulu ya mapiri onsewo n'kuyamba kuikankhira ku boma. Blue Mountains National Park inakhazikitsidwa mu 1959, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linaika dera la mahekitala oposa 1 miliyoni la mapiriwa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Maina amene amatchulidwa pamoto

Kalabu imene yakhala zaka zambiri chonchi imakhala ndi anthu ake amene nkhani zawo sizitha. Dunphy yemweyo, mu 1931, anayenda ndi mkazi wake kuchokera ku Oberon mpaka ku maphompho a Kanangra akukankha mwana wawo Milo m'kangolo ka ana. Milo atakula anakhala mmodzi wa omenyera chilengedwe odziwika kwambiri ku Australia.

Marie Byles anali mayi woyamba kugwira ntchito ya uloya ku New South Wales, kuyambira mu 1924. Luso lake la malamulo analigwiritsa ntchito pothandiza makalabu, ndipo ndi amene anatsogolera pempho loti dera la m'mphepete mwa nyanja la Bouddi, kumpoto kwa Sydney, litetezedwe. Zinatheka mu 1935, ndipo malo ena oonerapo nyanja kumeneko amatchedwa ndi dzina lake.

Dot Butler ankadziwika ndi kuyenda ndi kukwera matanthwe wopanda nsapato. Mu 1936, pamodzi ndi dokotala Eric Dark, anali oyamba kudziwika kuti akwera thanthwe la Crater Bluff m'mapiri a Warrumbungle. Butler anali m'kagulu ka mamembala othamanga mwendo otchedwa Tigers, amene ankamaliza m'masiku awiri maulendo omwe ena ankatha masiku anayi. Anamwalira mu 2008 ali ndi zaka 96. Mtima wa kaguluko ulipobe: oyenda amphamvu amayesa kuchoka ku Kanangra kukafika ku Katoomba tsiku limodzi, kapena kukwera mapiri atatu a Cloudmaker, Paralyser ndi Guouogang n'kubwerera ku Katoomba pasanathe maola 48.

Panalinso Paddy Pallin, yemwe ntchito itamuthera mu 1930 anayamba kusoka zikwama ndi matenti opepuka kunyumba kwake. Anzake a m'makalabu ndiwo anali makasitomala ake oyamba. Masitolo a dzina lake akugulitsabe katundu wa oyenda m'thengo m'mizinda ikuluikulu ya Australia.

Chikondwerero chake

Mu 1969 kalabu ya Sydney Bush Walkers inagula malo akeake m'mphepete mwa mtsinje wa Kangaroo, ku Kangaroo Valley, kum'mwera kwa Sydney. Malowo anawatcha Coolana. Si hotela ayi: ndi tchire, dambo lomangapo matenti ndi kachisakasa kobisalamo mvula. Mamembala amapitako kukazula zomera zachilendo zimene zimalanda malo a mitengo yachilengedwe, ndipo ndi komwe kwa zaka zambiri kwakhala kukuchitikira mkumano wa pachaka.

Pa mkumano umenewu amabwera ndi amene miyendo inawakana kale, ana, zidzukulu ndi oyembekezera umembala. Usiku amasonkha moto waukulu, amaimba, amachita timasewero tonyogodola atsogoleri awo ndi kukumbutsana za maulendo amene anasokonekera. Mwambo wakale wa kalabuyi ndi wakuti pulezidenti watsopano amavekedwa m'khosi, ndi amene anakhalapo pampandowo, zizindikiro zosema: nsapato, mapu, duwa la kalabu ndi manja awiri ogwirana. Pamisonkhano, m'malo mwa kanyundo kokhazikitsira bata, pulezidenti ankagogoda ndi fupa la ng'ombe. Kukacha kunkakhala mpikisano wophika damper, mkate wa ufa watirigu wopanda yisiti wootcha pamakala, wofananako ndi chigumu.

Pa zaka zikuluzikulu, chikondwerero chimakula. Pokwanitsa zaka 60 mu 1987, kalabuyi inasindikiza buku la mbiri yake lotchedwa The Sydney Bush Walkers: The First Sixty Years. Zolemba zake sizinasowe, chifukwa magazini ya kalabu, The Sydney Bushwalker, inayamba kutuluka mu 1931, ndipo mamembala akhala akulembamo malipoti a maulendo awo: njira imene anadutsa, pomwe anapeza madzi, amene anagwera mumtsinje. Makalabu ambiri pa zikondwerero zotere amakonza phwando la chakudya chamadzulo, amadula keke, amaonetsa zithunzi zakale ndi zikwama za kansalu kolimba za agogo awo, amapereka umembala wa moyo wonse kwa amene atumikira nthawi yaitali, komanso amabwereza ulendo woyamba wa kalabu potsata lipoti la amene anauyenda. Wachinyamata amene walowa chaka chomwecho amapezeka akuyenda njira imodzi ndi munthu amene anaphunzitsidwa mapu ndi oyambitsa kalabu.

Nayonso nkhalango ya Blue Gum ili ndi tsiku lake. Kumayambiriro kwa Seputembala, makamaka pa zaka zikuluzikulu monga mu 2007 pomwe inakwanitsa zaka 75 chitetezedwere, oyenda a makalabu osiyanasiyana amatsikirako kukakumbukira amene anasonkha mapaundi aja.

Sydney si yokha imene ili ndi kalabu yokalamba. Ku Melbourne kuli kalabu ya oyenda yomwe inayamba mu 1894, ndipo amayi a mumzindawo, ataona kuti amuna sakuwalola, anayambitsa Melbourne Women's Walking Club mu 1922, yomwe inakondwerera zaka 100 mu 2022. Hobart Walking Club ya pachilumba cha Tasmania inayamba mu 1929, Melbourne Bushwalkers mu 1940, Brisbane Bushwalkers mu 1948, ndipo Canberra Bushwalking Club mu 1961. Motero zaka zikubwerazi kudzakhala zikondwerero zotsatizana.

Ntchito imene yatsala

Pa zikondwerero zimenezi nkhani ya mawa siilephera kutuluka. Makalabu ambiri ali ndi mamembala okulirapo, pomwe achinyamata amapeza anzawo oyenda nawo pa Facebook kapena Meetup, komwe kulibe maulendo oyesera kapena komiti. Mapu ali m'foni tsopano, ndipo ena saona chifukwa chophunzirira kampasi. Makalabu amayankha kuti batire limatha, ndiponso kuti gulu la pa intaneti silidziwa mphamvu za munthu amene langokumana naye m'mawa womwewo. Pofuna kukopa atsopano, ambiri anawonjezera kupalasa bwato, kutchova njinga, kutsika maphompho ndi zingwe m'makwawa opapatiza, ndi kutsetsereka pa chipale m'mapiri a Snowy.

Vuto lalikulu ndi moto. Moto wolusa wa kumapeto kwa 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020 unatentha pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a dera la Blue Mountains lomwe lili pa mndandanda wa UNESCO, chigwa cha Grose chili momwemo. Pambuyo pake kunagwa mvula yamphamvu yomwe inagumula nthaka ndi kukokolola njira, moti zina zinatsekedwa kwa nthawi yaitali. Tchire lophuka pa lupsa linathithikana kwambiri kotero kuti maulendo amene malipoti akale amati ndi a maola ochepa anayamba kutenga tsiku lathunthu.

Kulimbana ndi boma nakonso sikunathe. Kwa zaka zingapo panali ganizo lokweza khoma la damu la Warragamba ndi mamita 14, zimene zikanachititsa kuti madzi azisefukira m'zigwa za mitsinje ya m'mapiriwa ndi kumiza malo opatulika a anthu a Gundungurra. Oyenda m'thengo anali m'gulu la otsutsa, pamodzi ndi eni nthakawo ndi mabungwe a zachilengedwe, ndipo boma latsopano la New South Wales lomwe linalowa mu 2023 linaisiya ntchitoyo. Chakumadzulo, pafupi ndi tauni ya migodi ya malasha ya Lithgow, kuli dera la matanthwe osemeka modabwitsa lotchedwa Gardens of Stone, lomwe Dunphy analiika pa mapu ake a paki mu 1932. Mbali yake yaikulu inakhala kunja kwa chitetezo chifukwa cha malasha a pansi pake. Boma linalengeza mu Novembala 2021 kuti mahekitala pafupifupi 30,000 a derali atetezedwa, patatha zaka 36 Dunphy atamwalira.